Thomson Asabwere Asanadziwe Kusambira

Beira,
9 Juni, 1953.

Okondedwa achimwene a Fraser,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kwa Chiringa. Nanga chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine ndili moyo, ndipo mawu amenewa sindikulemba mwamwambo chabe ayi.

Lachiwiri lapitali ngalawa yathu ya nsomba inatitimira pamchenga tikubwerera kudoko. Mukudziwa mmene timachitira ku Chilwa: bwato likakana, umatsika n'kukankha, madzi olekeza m'chiuno. Ine osafunsa munthu, ndati ndiwaonetse ntchito anzangawa, ndinangodumpha. Achimwene, pansi panalibe! Mchenga unali mbali inayo, kumene ndinadumphirako n'kozama, kodutsa sitima zapamadzi. Zaka zonse zija panyanja, nsungwi m'manja, kusambira sindinaphunzire. Ndani amaphunzira kusambira m'madzi oti akhoza kuimamo?

Ndinamwa madzi amchere mpaka m'maso munada. Amene anandivuula ndi a Bashiri, mwana wa a Rukiya a kwa Chiwalo, amene ndimagwira nawo ntchito. Anadzimanga chingwe m'chiuno n'kudziponya, anzathu n'kutikoka tonse awiri. Nditatsitsimuka anandikalipira koopsa. Anati munthu satsika m'ngalawa asanayeze madzi ndi mtengo, ndipo ndikadzabwereza adzandisiya nkhanu zindidye. Ine ndinangoti zikomo, zikomo, misozi ili chuchuchu.

Munthu ameneyu kale ndinkamuseka kuti amasankha ndiwo. Lero ndimachita manyazi. Tsiku lililonse tikaweruka akundiphunzitsa kusambira, ndipo akuti ndimamenya madzi ngati nkhuku yogwera m'chitsime.

Pempho langa ndi limodzi. M'kalata yapita ija ndinaitana mng'ono wathu Thomson kuti abwere, ntchito ilipo. Ndinamuuza kuti wodziwa Chilwa sangavutike kuno. Ndinanama. Chonde musamulole kunyamuka asanadziwe kusambira. Mupite naye padziwe lakuya la mtsinje wa Phalombe, mumuone ndi maso anu akuwoloka osaponda pansi. Akakwiya, akwiyire ine.

Moni kwa amayi, koma za m'madzizi muwauze pang'onopang'ono. Moni kwa alamu a Belita, azakhali ndi ana onse. Mukafikenso kwa Chiwalo mukapereke moni kwa a Rukiya chogwada m'malo mwanga. Mukawauze kuti pakanapanda mwana wawo, kalata iyi ikanalembedwa ndi munthu wina.

Tsalani ndi Mulungu.

Ine mng'ono wanu,
Goliati