Amayi, Galimoto Yanu Inali Itaima

Amayi, lero zakwana zaka zinayi chitisiyireni. Chithunzi chili pamwambachi tinachita kukangana posankha. Achimwene ankafuna chija cha pa ukwati wa mzime wanu, chimene munavala chipewa chobwereka, koma Abambo anakana, ati pamene paja sindinu. Ndiye taika ichi. Mwatsamira chitseko cha galimoto yanu ya mazira, makiyi ali m'manja, ndipo pakamwa pakuchita kuoneka kuti mukumuuza wojambulayo kuti asapupulume.

Kupupuluma ndiye munkadana nako. Ife ana anu tinakulira kumpando wakumbuyo, titapanikizana ndi mathileyi a mazira, tikuonerera anthu apanjinga akutipitirira. Tikadandaula kuti tichedwa kusukulu munkangoti kuthamanga sikufika, kenako n'kuyamba nyimbo ya kwaya imene mawu ake munkadziwa theka lokha. Achimwene ankabisa nkhope tikamadutsa anzawo. Pamphambano ya kumunsi kwa msika, pamene pali chikwangwani cholamula kuima, inu munkaimadi, mawilo onse anayi phee. Kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, kubwerezanso, ngakhale msewu uli zii. Madalaivala a minibasi ankakudziwani onse. Panali mmodzi wa kachipewa kofiira amene ankaliza hutala ngati wapsa, n'kutulutsa mutu pawindo kukufunsani ngati mwagona. Inu munkangomukwezera dzanja. Munamutcha mlamu wanu wa hutala, ndipo tsiku limene sanakulizireni munkafika kunyumba mukudandaula kuti mwina alamu adwala.

Pamphambano yomweyo ndi pamene lole inakupezani m'mawa uja. Apolisi pofika anapeza galimoto yanu ili pakati pa msewu, ndipo dalaivala wa loleyo ananena kuti munatulukira mwaliwiro, osaima pachikwangwani. Amene anaona anali atabalalika kale. Inu simukanatha kudziyankhira, choncho analemba mawu a amene anatsala ndi mpweya.

Maliro atatha tinayamba kuyenda m'maofesi a inshuwalansi. Kampani ya galimoto yanu inkatitumiza ku kampani ya loleyo, iyonso n'kutibweza kumene tachokera. Mipando yawo ya pulasitiki yolumikizana ija tinaizolowera, mpaka Abambo anali ndi wawo, wakumapeto, pafupi ndi duwa losafota lodzaza fumbi. Pafoni ankatiikira kanyimbo kodikirira, ndipo adzukulu anu anakaloweza n'kumakaimba posamba. Sitinganame kuti anali anthu oipa. Ankatilandira bwino, pepani wawo anali wofewa. Kungoti fayilo yanu inkasintha manja, ndipo aliyense watsopano ankapempha Abambo kuti afotokoze kuyambira pachiyambi. Iwo ankafotokoza, osadumpha kanthu, chipewa chili pabondo.

Kenako anatiitana kuti nkhani ithe. Mnyamata wa tayi anatiuza mwaulemu kuti tikangosaina kuvomera kuti vuto linali lanu, atipatsa kena kake kopukutira misozi ndipo sitidzayendanso. Abambo anavala magalasi, anawerenga, anavula magalasi, n'kubweza cholembera. Anati iwo moyo wawo wonse anafika mochedwa ku maukwati ndi ku maliro chifukwa cha inu, anadya zozizira ku maphwando onse chifukwa cha inu, ndiye sangasaine lero kuti munali munthu waliwiro. Anati akafunse eni magolosale ngati linasweka dzira ndi limodzi lomwe m'galimoto yanu. Mnyamatayo anamwetulira mwachisoni. Anati khalidwe la munthu si umboni, chimene akufuna ndi munthu amene anaona ndi maso.

Apa m'pamene banja lanu linagwedezeka pang'ono, Amayi, tisakubisireni. Achimwene ankati tisaine basi, poona mmene Abambo ankaondera, malaya akungolendewera m'mapewa. Azakhali anawonjezera kuti wakufa sadya dzina. Abambo sanakweze mawu. Anangoti adzukulu adzakula n'kufunsa mmene agogo awo anafera, ndipo sakufuna kuti adzayankhidwe ndi bodza lokhala ndi siginecha yawo pansi. Achimwene anasiya kubwera Lamlungu kwa miyezi ingapo. Ine wapakamwa wanu uja ndinayesa kuyanjanitsa, koma mukudziwa kuti ndikayesa kuzima moto ndimathira palafini. Tinakusowani kwambiri nthawi imeneyo.

Bizinesi ya mazira sinafe. Abambo anabwereka kagalimoto ka apongozi awo n'kuyamba kuzungulira magolosale anu. Inde, Abambo omwe aja ankagunditsa phazi pansi inu mukuyendetsa, kufuna kuponda mafuta kumpando wopanda chiwongolero. Mukanawaona mukanaseka mpaka misozi. Pamphambano paja anayamba kuima ngati inu, mwinanso kuposa, ndipo a minibasi anawalandira ndi mahutala monga mwa mwambo wawo. Koma paja munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Poimaima pamenepo Abambo anazindikira kuti pali minibasi imodzi imene sikuwalizira. Ikakhala kumbuyo kwawo inkangodikira duu, okwera akudandaula, kondakitala akumenya chitseko. Pagalasi ankaona kachipewa kofiira.

Chaka chatha, tsiku lina atamaliza kupereka mazira, Abambo anapita pa siteji ya minibasi n'kumupeza munthuyo akupukuta galasi. Anamupatsa moni womutchula kuti alamu, n'kumuuza kuti mayi a kunyumba ankamufunsafunsa. Munthu wamkulu uja anavula kachipewa n'kuyamba kulira pamaso pa kondakitala wake. Anati m'mawa wa ngozi uja anali kumbuyo kwanu. Anakulizirani hutala, anakufunsani ngati mwagona, inu n'kukweza dzanja monga mwa masiku onse. Dzanja lisanatsike, lole inatsetsereka kuchokera kumtunda mabuleki atakana, inasiya mbali yake n'kukuwombani muli chiimire kuseri kwa mzere woyera, n'kukukankhirani pakati pa msewu. Iye anathandiza kukutulutsani, kenako anachoka. Zaka zonsezi ankangokhala chete chifukwa cha manyazi, poganiza kuti mawu omaliza amene munamva padziko anali mwano wake. Abambo anamugwira paphewa n'kumuuza kuti asadzivute, chifukwa mmene amakudziwirani, hutala imeneyo inakusangalatsani, munadziwa kuti alamu ali bwino.

Mlamu wanu anapita kupolisi, kenako ku makampani onse awiri, atavala jekete yothina m'khwapa imene tikukayika ngati inali yake. Anamubwezabweza ngati mmene ankatibwezera ife, koma sanadandaule, ngakhale kuti ulendo uliwonse ankasiya minibasi ili poima. Munthu amene sankatha kudikira pachikwangwani anaphunzira kudikira pa mipando ya pulasitiki, pambali pa Abambo. Mlandu suola, Amayi. Anakafufuzanso za loleyo ku galaja kumene inakonzedwa, ndipo za mabuleki zinapezeka.

Mwezi watha anatiitananso. Mnyamata wa tayi uja anasamutsidwa, tinapeza mayi wina wa imvi pang'ono. Anawerenga zimene kampani yapeza, ndipo atafika pa mawu oti galimoto ya malemu inali itaima, Abambo anakweza chala. Anapempha kuti abwereze pamenepo. Mayiyo anawayang'ana, sanafunse chifukwa, anabwereza pang'onopang'ono. Zina zonse zimene anawerenga pambuyo pake anamvera ndi Achimwene, amene anabwera tsiku limenelo osaitanidwa. Abambo anasaina, anathokoza, n'kutuluka ataiwala chipewa pampando wawo uja. Pobwerera anayendetsa ndi Achimwene, ndipo pamphambano paja anaima nthawi yaitali.

Tsopano Abambo akudya bwino, ndipo masana amagona pang'ono pakhonde. Akukusowani, koma saonetsa, kupatula akamaimba nyimbo yanu ya kwaya ija, theka lomwe lija. Achimwene, ine, mzime wanu ndi apongozi anu tonse tikukulirani. Azakhali akuti iwo ankadziwa kale kuti zidzatha bwino, ndipo tangowasiya. Eni magolosale amakutchulanibe akamalandira mazira. Mdzukulu wanu amene anabadwa inu mutapita wayamba kuyenda, koma saponya phazi asanayang'ane uku ndi uko, moti tasiya kufunsa kumene anatengera. Akadzakula n'kufunsa za inu, tidzamuuza zoona, ndipo palibe chimene chidzatitsutse.

Gonani mwamtendere, Amayi. Sitidzakuiwalani. Pamphambano paja tonse timaima, mawilo onse anayi, ndipo wina akaliza hutala kumbuyo timangomukwezera dzanja.

Abambo, ana anu, apongozi, adzukulu, ndi mlamu wanu wa hutala.