Pa Kaliyala Pasakhale Wina

Bull Creek, Perth
2 July 2021

Wokondedwa mng'ono wanga Martha,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Bondo lija likukusowetsabe tulo? Ndamva kuti matendawa ayambiranso kumeneko, ndiye chonde uzidzisamala, pa maliro usamathinane ndi anthu m'nyumba ngati kale. Ife kuno Mulungu akutisunga. Kukuzizira kwambiri, ndipo mvula ikungowaza, mvula yake yopanda woilimira.

Usadabwe kuti ndalemba pa pepala m'malo moimba foni. Makoma a nyumba za kuno ndi opyapyala, ukatsokomola kuchipinda amakupepesa ali kukhitchini. Ndikamaliza ndijambula masambawa n'kukutumizira. Uwerenge wekha, ngakhale maso akuvute, usapatse mwana wako Msaiwale kuti akuwerengere.

Atitsekeranso m'nyumba sabata ino. Akuti apezeka anthu angapo odwala, basi mzinda wonse m'bindikiro. Kutchalitchi kwatsekedwa, mapemphero ndi a pa foni. Akamwini anga a Jeff ali ku mgodi kumpoto, sakudziwa kuti abwera liti. Pakhomo tatsala ine, mwana wanga Tithokoze, kamdzukulu kako Daliso, ndi asewele anga a Katherine, amayi ake a Jeff. Iwowo amagona m'kanyumba ka kuseri, koma mpanda ndi umodzi, ndiye amatiwerenga ngati banja limodzi.

Lamulo lake likuti munthu atha kutuluka ola limodzi patsiku kukawongola miyendo, asapitirire makilomita asanu kuchokera pakhomo, ndipo akuluakulu asapose awiri. Ife akuluakulu tilipo atatu. Sukufunika kupita kusukulu kuti udziwe amene amatsala.

Mmawa uliwonse Titho ndi apongozi akewo amatulutsa njinga. A Katherine ndi aakulu kwa ine, mutu wonse mbuu, koma amavala kabudula wothina ngati khungu, chisoti kumutu, magalasi akuda, n'kudumphira pa chishalo ngati mtsikana. Ine ndimatsala pawindo ndi Daliso, kukweza kamkono kake kuti awabayibitse. Anayamba kupalasa limodzi mu May, koma nthawiyo sindinkazisamala chifukwa nanenso ndinkapita kukacheza ndi azimayi a kutchalitchi. Tsopano poti ndilibe kopita, ndikuona zonse.

Ndikuuze zoona Martha, ndili ndi nsanje. Nsanje yeniyeni, ngati ya pa mitala. Chondipweteka kwambiri n'choti mzimayiyu ndamufunafuna chifukwa koma sindikumupeza nacho. Amandibweretsera mandimu a mumtengo wake, amandipatsa moni wa Chichewa wopindikapindika, sanandiyang'anepo ndi diso loipa. Akanakhala wamwano bwenzi ndikugona tulo tabwino. Titho amawaitana kuti Mum, mofewa ngati akuyamwa siwiti. Ine akati Amayi ndimadziwa kuti ndasiya chitofu choyaka kapena ndaveka mwana majuzi ambiri.

Akamabwerera ndimawamva asanafike, mabelu ndi kuseka. Akafika pageti nkhani imaduka. Tsiku lina ndinaona a Katherine akutsika panjinga n'kumukumbatira Titho nthawi yaitali, kenako akumupukuta m'maso ndi chala. Atalowa ndinamufunsa chavuta, iye anati ndi mphepo yozizira imatulutsa misozi. Ine ndabereka, ndalera, misozi ya mphepo ndimaidziwa.

Ndinayesapo kunena kuti nanenso nditha kupalasa. Titho anati misewu ya kuno ndi ina, njinga zake ndi za magiya, ndikagwa n'kuthyoka chiuno ayankha chiyani kwa abale. Ine Lenia! Ine amene ndinathera unyamata wanga pa njinga yakuda ija, kuzungulira midzi ya ku Mitundu ndi sikelo ya ana ndi bokosi la katemera, m'matope, mumchenga, mpaka anthu kunditcha Nakapalasa. Iyeyo amene akundiletsayu anakulira pa kaliyala wanga. Ukukumbuka mmene ndinkamumangira miyendo ndi chitenje kuti isalowe m'masipoko?

Ndipo ukudziwa kuti mwanayu sankatha kuyankhula ukamamuyang'ana. Pakhomo anali duu, koma tikangokwera njinga pakamwa pankatseguka. Amene wamumenya kusukulu, mayeso amene walephera, zonse ankauza msana wanga, chipumi atatsamiritsa pakati pa mapewa. Ngakhale tsiku limene anatha msinkhu anandiuza tili pa njinga, tikutsetsereka ku dambo. Ndiye ndikamawaona awiriwa akuzimirira pakona, ndimadziwa bwino lomwe zimene zimachitika kumeneko. Mwana wanga akuuza msana wa munthu wina.

Dzana ndinalephera kupirira. Tikumwa tiyi ndinaika kapu pansi mwamphamvu n'kunena kuti mawa ola lija ndi langa, amene akufuna atsale. Ndinali nditakonzekera mkangano, mawu onse ndinali nditawasanja kale. A Katherine anangowomba m'manja, akuti ganizo labwino zedi, n'kuthamangira kukanditengera njinga yawo, chisoti chawo ndi buluku lawo. Mawu anga onse aja ndinawameza ndi tiyi.

Dzulo ndiye ndinavala buluku, Martha, ine mayi wa Mvano, nditakulunga chitenje pamwamba mpaka m'mawondo. Duku anandivulitsa chifukwa chisoti sichinkalowa, ndipo kuno sakulola kupalasa wopanda chisoti. Zimenezi zithere pa iwe, zisafike kwa amayi busa. Njinga yake ndi yopepuka ngati ya mapesi, mabuleki ukangowakhudza imaima nji. Pageti pomwepo ndinatsala pang'ono kumeza simenti, Titho n'kukuwa. Koma titangokhota kawiri miyendo inakumbuka yokha.

Kuno njinga zili ndi kamsewu kakekake kotsata mtsinje, kosalala, kopanda minga kapena mbuzi. Anthu anali ambiri, awiriawiri, ena masiki kukamwa, ena atawatsitsira pachibwano, aliyense akuthamangitsana ndi ola lake. Titho anali patsogolo, akungotembenuka kundilangiza ngati kamwana ka mkaka, kuti ndikhale kumanzere, ndilize belu, ndisinthe giya. Titafika pa kamtunda kena ndinaimirira pa mapedulo n'kumudutsa. Sindinachite kuti ndimuonetse. Chabwino, ndinachita kuti ndimuonetse.

Ndinkayembekezera kuti andidutsanso, koma anakhala kumbuyo. Kenako ndinamva mawu ake pafupi ndi tayala langa, m'Chichewa chokhachokha, chosasakaniza ndi Chingelezi ngati mmene amachitira masiku ano.

Anandiuza kuti mu April anazindikira kuti ndi woyembekezera, ndipo mu May anapita padera. Tsiku lija anandiuza kuti amuitana mwadzidzidzi kuntchito kuchipatala, sanapite kukagwira ntchito, anapita ngati wodwala. A Jeff anali ku mgodi. Amene anamutengera pagalimoto, kumugwira dzanja, kumudikira mpaka zonse zitatha, anali a Katherine. Ine ndinali pakhomo, ndipo atabwera madzulo n'kukagona osadya ndinamudandaulira kuti ndavutika kuphika pachabe. Adokotala atamuuza kuti asamangodzitsekera m'chipinda, a Katherine ndi amene anamupopera matayala a njinga.

Ndinagwira mabuleki kuti ndiime, koma anandipempha kuti ndisaime, akuti ndikatembenuka n'kumuyang'ana sangathenso kuyankhula. Ndiye ndinapitiriza kupalasa, misozi ikulowa m'makutu ndi mphepo, manja onse ali pa mahandulo. Ndinafunsa ndili choyang'ana kutsogolo kuti anandibisiranji, ine ndikugona naye nyumba imodzi. Anati chibadwire Daliso nyimbo yanga yakhala imodzi, yoti mwana asatumbizidwe, mkazi wanzeru amadikira mwana asiye bere. Anandikumbutsanso mmene ndinamusekera Namukolo, mtsikana wa ku Zambia wa kutchalitchi kwathu kuno, Lamlungu lina atabwera ndi mwana kumsana wina m'mimba. Akuti tsiku limenelo iye anali atadziwa kale za pathupi pake, ndipo anali kumpando wakutsogolo m'galimoto, akundimva ndikuseka kumbuyo.

Zosatumbizazo ndi zimene anatilangiza, ndi zimene ndinaphunzitsa azimayi ku sikelo zaka zonse zija, ndipo ana ambiri anakula bwino chifukwa cha zimenezo. Koma dzulo, pa njinga ya eni ake, mawu amenewo anandilemera m'kamwa.

Nkhani isanathe, foni yake inalira kutichenjeza kuti tafika pa malire a makilomita aja. Tinatembenuza njinga. Pokhota tinayang'anizana kamodzi kokha, iye n'kugwetsa maso ngati ali ndi zaka khumi. Ndinamukonzera lamba wa chisoti, amene sanali wopotoka n'komwe, ndipo tinabwerera, ine patsogolo iye kumbuyo. Anandiuzanso zina zing'onozing'ono, kuti amaopa kuyesanso, kuti amalota kamwanako. Ola linatha mofulumira kuposa maola onse amene ndakhala kuno.

Ndalira mdzukulu amene sindinamudziwe, ndipo ndamvera chisoni mwana wanga. Koma poti ndiwe m'bale wanga sindikubisira, nsanje ija sinathe, yachita kukula. Kwathu zoterezi woyamba kudziwa ndi mayi wa munthu. Ine ndinawoloka nyanja, kusiya nyumba ndi munda, kuti ndidzakhale pafupi naye pa zinthu ngati zimenezi, ndipo tsiku limene ankandifuna anagwira dzanja la wina ine ndili kukhitchini. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo a Katherine achitadi zimenezo. Koma amene anapeka mwambiwo sananene kuti mwini mwana amamva bwanji.

Titafika pakhomo ndinapeza zina. A Katherine anali pakhonde atabereka Daliso kumsana ndi chitenje changa chobiriwira chija, mwana ali m'tulo tofa nato. Daliso amene sagona masana popanda ine! Mfundo yake anamanga molakwika, mwana atalendewera mbali imodzi ngati thumba la chimanga. Ndinagwada pomwepo, buluku ndi chisoti zili m'thupi, n'kuwathokoza chifukwa cha zimene anamuchitira Titho mu May. Ndinathokoza ndi mtima wonse, Mulungu ndi mboni. Iwo anachita manyazi, nkhope psuu, n'kundidzutsa. Nditadzuka ndinamasula mfundo ija n'kuimanganso bwino, koma mwanayo ndinamusiya kumsana kwawo, ndipo usaganize kuti zinali zophweka.

Titho wagamula kuti tizisinthana, tsiku lina iwo, tsiku lina ine. Lero ndi la a Katherine, n'chifukwa chake ndapeza mpata wolemba. Ndakhala pawindo lomwe lija, ndipo mzere uliwonse ndikumadzutsa mutu kuyang'ana pakona. Anthu akuti mwina m'bindikiro utha mawa, mzinda wonse ukupempherera zimenezo. Ukatha, a Katherine anena kale kuti adzandibwerekera njinga ina kuti tizipita tonse atatu. Atatu, Martha. Ndani angaulule za mumtima pali anthu atatu? Lamulo lomwe lija ndinkalitukwana Lolemba, lero ndikulipempherera kuti likhalepobe mawa lokha, chifukwa mawa ndi tsiku langa.

Tsopano pempho langa. Unandiuza kuti Msaiwale akufuna njinga yanga yakuda ija kuti ayambe kabaza pa Mitundu. Ndinakhala ndikuzengereza kuyankha. Umuuze atenge, ndamupatsa, ikungochita dzimbiri ndipo ine sindibwera msanga ngakhale ndege zitayamba kuuluka. Koma asanaitulutse, amasule kaliyala. Ndikudziwa kuti kabaza wopanda kaliyala si kabaza, akawotcheretse wake kumsika, wa khushoni ngati anzake. Wangayo umupukute, umupake mafuta pang'ono, umukoleke pa msomali kuchipinda kwanga. Useke mmene ungasekere, unene kuti mkulu wako wapenga ndi kuzizira. Kuno ndagawana mwana, ndagawana mdzukulu, ndagawana ndi chitenje chomwe. Pamene pankakhala Titho pokhapo pasakhale munthu wina.

Za padera zija usauze aliyense, ngakhale alamu. Mwini wake akafuna adzakuuza yekha, ndipo akadzakuuza udzadabwe ngati ukumva koyamba.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa amalume ku Nathenje, kwa azakhali ndi ana awo onse, kwa Msaiwale ndi mkazi wake, ndi kwa azimayi anzanga a Mvano. Uwauze kuti ndikuwakumbukira m'mapemphero, za buluku usatchule. Daliso akupereka moni kwa agogo ake aang'ono, wadzuka tsopano ndipo akukoka pepalali.

Ndikumva mabelu pakona, ndipo akubwera akuseka. Ndilekeze pompa, ndikaone ngati matayala ali ndi mpweya wokwanira mawa.

Tsala bwino mng'ono wanga, Ambuye akusunge.

Ndine mkulu wako,
Lenia, make Tithokoze