Mpando wa pafupi ndi khomo

Lachinayi, kunja kwazizira tsiku lonse. Ndinaperekeza achimwene anga a Dalitso kwa dokotala ku Leicester. Usilikali anawapumitsa chifukwa cha matenda a maganizo, ndiye penshoni yawo idalira mmene dokotalayo aonere kukula kwa vutolo. Ndinkafunitsitsa kuona kuti bala losaoneka amaliyeza bwanji.

Dokotala anawafunsa kuti, "Mukalowa pagulu mumakhala pati?"

"Pafupi ndi khomo, ngakhale kutchalitchi," anatero achimwene. "Ndimafuna ndiziona aliyense wolowa."

Ine zaka zonsezi ndinkawaseka kuti amathawa chopereka! M'basi yobwerera kunyumba ku Evington ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuzepo.

"Iwe sunandifunsepo, Chikondi."

Tsopano ndikudzifunsa za zina zimene timawaseka nazo kunyumba kuno, monga kugona atavala nsapato.