Nsanza Zofiira pa Matenti

Lachitatu, 12 Marichi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndadzuka, koma mawondo okha ndi amene sakugwirizana ndi mvulayi.

Kalata yanu inandipeza Loweruka. Ndinaiwerenga ndekha, chala chili pamzere, poti sukulu yanga mukudziwa pamene inathera. Zaka zisanu ndi chimodzi osandilembera, lero mwakumbuka kuti muli ndi mlongo kunkhalango kuno. Mwati mwana wanu wakuimbirani foni akulira, kuti mwini malo wanena kuti mmodzi mwa awirife achoka ntchito chifukwa cha matenti aja. Mwati ine ndakalamba kale, ndingovomera kuti wolakwa ndine, poti iye mkazi wake ndi woyembekezera. Mwatinso chipinda chilipo kwanu. Zilembo zanu ndi zoongoka bwino, achemwali, koma mwana wanu wakuuzani theka. Lolemba tinakaonekera kwa mwini malo. Ndikuuzani zonse mmene zinayendera, ndipo musathamangire kumapeto.

Inu simunapondepo kuno. Ndinamva kuti mumauza anthu kuti achimwene ndi alonda a m'tchire. Sindine mlonda. Alendo amabwera kuno kudzagona m'matenti pansi pa mitengo, ena mabanja, ena ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, ndipo chilichonse chimene amagwiritsa ntchito chimatuluka m'manja mwanga n'kubwereranso m'manja mwanga. Zaka makumi atatu makiyi a nyumba ya katundu akhala m'thumba langa. Zikhomo ndimazitsuka dothi, kuziwongola ndi hamala, n'kuzimanga khumikhumi. Zingwe ndimazikulunga pachigongono n'kuzikoleka pamisomali. Nyali zili ndi shelefu yake, mapoto yake, mabulangete ndinawapangira thandala lolendewera kudenga kuti makoswe azingowayang'ana. Mutandimanga nsalu kumaso n'kunena kuti tipatseni nkhwangwa yaing'ono, dzanja langa lipita lokha.

Koma chachikulu ndi tenti. Tenti ndi yonyenga. Mvula ikagwa m'mawa dzuwa n'kuwala, pofika masana mukaikhudza mumati yauma, pamene madzi abisala m'misoko ndi m'nsalu ya pansi. Mukaipinda choncho mwaipha. Ndiye ine tenti yonyowa ndimaipachika pamitanda masiku atatu, ndipo pachingwe chake ndimamanga kansanza kofiira. Kansanzako tanthauzo lake n'lakuti musandipinde. Ikauma ndimakamasula. Wophika ankadziwa, dalaivala ankadziwa, amayi ochapa ankadziwa. Palibe amene anafuna sukulu kuti amve zimenezo.

Mwana wanuyo ndine ndinamutchula kwa mwini malo pamene ankafuna manijala wodziwa kompyuta. Izi anakuuzani? Mwezi woyamba anagona m'nyumba mwanga, ine pansi iye pabedi. Atangopatsidwa ofesi ndi mpando wozungulira, khosi linauma. Tikakhala awiri ndinali malume. Pamaso pa antchito ndinasanduka madala.

Mu Januwale kunabwera lole yodzaza mabokosi apulasitiki, abuluu, a zivindikiro zotseka kuti thwa, osalowa ngakhale mpweya. Lililonse analimata pepala la nambala ndi mawu achingerezi. Antchito anamupatsa dzina tsiku lomwelo, amamutcha a Mabokosi mpaka lero, kaya akudziwa. Analowa m'nyumba ya katundu manja ali m'chiuno, n'kuyang'ana kudenga kumene kunali matenti khumi ndi awiri aakulu, a magulu aja, amene anali atanyowa dzulo lake.

"Malume, izi ndiye ziti?" anatero. "Muno mukuoneka ngati pamsika wa kaunjika."

Ndinati, "Nsanza zimenezo zimalankhula, mphwanga."

"Zimalankhula? Zimati chiyani, mwadzuka bwanji?"

Dalaivala anaseka mpaka kutsamira chitseko. Ndinati ndimufotokozere bwinobwino, ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinangoyamba kuti, "Tamvera, tenti ikanyowa..." iye anakweza dzanja ngati wapolisi woimitsa galimoto.

"Madala, masiku ano sitiyendera nsanza. Khalani apo mupume, muone mmene anthu ophunzira amagwirira ntchito."

Anthu ophunzira. Achemwali, mawu amenewo anawaphunzira kuti? Si pakhomo panu? Bambo atathyoka msana, ndani anasiya kalasi yachinayi n'kukanyamula matabwa kuti inu mupitirize? Ndinali wachiwiri m'kalasi, inu munali wa nambala makumi awiri ndi chakuti, koma anati mwamuna ali ndi mapewa. Sindinadandaulepo. Munamaliza, munavala nsapato zogogoda, munabereka munthu wophunzira, ndipo munthu wophunzirayo anandiuza kuti ndikhale apo.

Ndiye ndinakhala. Ndinakoka chitini cha penti n'kukhalapo, manja pamawondo.

Anatenga sizasi n'kudula nsanza zonse khumi ndi ziwiri, n'kuzikankhira panja ndi phazi. Tenti iliyonse anaikhudza ndi kuseri kwa dzanja kamodzi. "Auma awa. Pindani." Anapinda, anapanikiza ndi mawondo, anatseka. Wophika anabwera pafupi nane n'kunong'ona kuti, "Akulu, simunena kanthu?" Ndinamuyankha mokweza kuti onse amve, "Ine ndauzidwa kupuma." Pofika madzulo m'nyumbamo munali mokongola, sindinama. Mabokosi ali ndandanda ngati asilikali. Anajambula zithunzi n'kutumiza kwa mwini malo, ndipo mwina inunso anakutumizirani.

Tsopano apa ndi pamene sakudziwa bwino mwana wanu, ndipo ndalemba n'kufufuta kawiri. Makiyi sanandilande. M'mawa uliwonse wotsekula ndinali ine. Pa tsiku lachisanu fungo ndinalimva ndisanalowe n'komwe, fungo ngati la sokosi yoiwalika m'nsapato. Ndikanatha kutsekula mabokosiwo, kupachika matenti, ntchito ya maola awiri, iye osadziwa kanthu. Ndinaika dzanja pachivindikiro cha bokosi lachisanu ndi chiwiri. Kenako ndinamva mawu aja m'khutu, ndipo ndinachotsa dzanjalo. Ndinakhala pabokosi lomwelo n'kumwa tiyi wanga. Masabata asanu ndinachita choncho. Iye ankadutsa pakhomo ndi foni kukhutu, "Madala, zonse zili bwino?" ine n'kumati, "Zili bwino kwambiri, bwana." Mukufuna chilungamo? Ndinkamva kukoma. Tiyi sanandikomerepo ngati masabata amenewo.

Kumapeto kwa Febuluwale kunabwera basi ya ana a sukulu makumi asanu ndi limodzi ndi aphunzitsi anayi. A Mabokosi anavala malaya oyera, anatenga pepala lawo la manambala, n'kulamula kuti mabokosi atulutsidwe pabwalo kuti alendo aone dongosolo. Anatsekula loyamba yekha. Ana amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Nsalu yonse inali mawangamawanga akuda, m'mapindo muli chuku choyera ngati ubweya, misoko ikumatuka yokha. Lachiwiri chimodzimodzi. Anatsekula mpaka lomaliza, ngati kuti lina limumvera chisoni. Mphunzitsi wamkulu, mayi wamfupi wa mawu akuthwa, anamufunsa kuti, "Bambo, ana a eni ake tiwagoneke m'menemu? Inu mungagonemo?" Matenti aang'ono sakanakwana. Anakweranso basi yawo, ana akuimba nyimbo yonyoza pawindo.

Mwini malo anabwera mawa lake, anaona, anangoti Lolemba pa 10 Marichi tikakumane mu ofesi, ndipo mmodzi achoka. Ndi mayi wamasiye, mwamuna wake ndiye anandilemba ntchito nkhalangoyi isanakhale ndi msewu. Ndinadziwa kuti andimvera ine. Kalata yanu itafika ndinaipinda n'kutsekera mpata wa pawindo. Ndinasita jekete langa. Ndinapita Lolemba kukamugwetsa mwana wanu, achemwali, musamve zina.

Anayamba ndi iye. Mwana wanuyo anati, "Mayi, ine ndinawakhudza, anali ouma. Komanso za katundu amadziwa ndi malume."

Malume tsopano. Umadala unathera panja.

Ndinaimirira ngakhale sanandiuze. Ndinafotokoza za misoko, za masiku atatu, za nsanza ndi sizasi, za chitini cha penti. Mayiyo ankangogwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti ndapambana. Ndikanakhala pansi pomwepo. Koma pakamwa panali patatentha, zaka makumi atatu zinali pakhosi, ndinafuna adziwe kuti m'chipindamo wodziwa ntchito ndani.

Ndinati, "Mayi, ine ndinadziwa tsiku lomwelo kuti awola! Pa tsiku lachisanu fungo ndinalimva ndili pakhomo. Uyu amadutsa tsiku lililonse ndi digiri yake, mphuno yake sinamve kanthu!"

Mayiyo anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Tabwerezani, akulu. Munadziwa?"

Ndinati inde.

"Makiyi anali ndi ndani?"

Anali m'thumba la jekete, ndinkawamva kulemera.

"Masabata asanu," anatero. Sanakweze mawu. "Uyu ndi wopusa, ndipo wopusa ndikhoza kumuphunzitsa. Nanga inu ndikuphunzitsani chiyani? Mwamuna wanga ankati bola kutaya galimoto kusiyana ndi kutaya inu. Siyani makiyi apo."

Ndinawasiya. Nyumba andipatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Choncho zimene munapempha zachitika. Mwana wanu ntchito ali nayo, mpando wake ukuzungulirabe. Titatuluka ananditsatira mpaka pamtengo wa pachipata, maso ali ofiira, n'kundigwira mkono. Akuti, "Malume, zikomo. Ndadziwa kuti mwanena dala zija kuti mundipulumutse." Mwaona nzeru za anthu ophunzira? Ndinachotsa dzanja lake pajekete langa n'kumuuza kuti achoke pamaso panga. Ndikudziwa kuti wakuimbirani kale ndi nkhani yomweyo, ndipo mwina kalata yothokoza ili m'njira. Ikafika sinditsekula. Sindinamupulumutse. Ndinakumba dzenje lake ndi manja anga awiri, ndipo ndikanakonda akanagweramo iye. Musandiveke ulemu umene sindinaugwirire ntchito, ndili ndi wanga wokwanira umene munandimana.

Za chipinda chanucho, ikanimo nkhuku. Sindibwera kudzakhala pakhonde panu kuti alendo anu azifunsa kuti agogowa ndi ndani, inu n'kumati ndi achimwene aja a m'tchire. Mchimwene wake wa wophika amasoka malona a malole m'tauni, wati singano yaikulu ndimaitha, ndipo kuseri kwa shopu yake kuli pogona. Adiresi sindilemba.

Katundu wanga ndamanga kale, ndi zikwama ziwiri basi. Masiku otsalawa ndimakhala pakhomo n'kumaona nyumba ya katundu ili apo, mapazi makumi awiri kuchokera pamene ndakhala. Dzulo wina wasiya nkhwangwa panja usiku wonse pamvula. Ndinaiyang'ana mpaka masana. Sindinaitole.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mankhwala a mawondo amene ananditumizira chaka chija anandithandiza, ndinalephera kuthokoza nthawi yake. Moni kwa ana anu aakazi awiri ndi zidzukulu, ngakhale sizindidziwa nkhope. Moni kwa mpongozi wanu woyembekezerayo, iye sanandilakwire, ankandipatsa madzi atagwada. Mulungu amuthandize pa tsiku lake.

Mwana wanu sindikumupatsa moni. Koma poti mumalankhula naye tsiku lililonse, mumuuze ichi. Pa khumi ndi awiri aja, anayi sanafe: ya m'bokosi lachitatu, ya m'bokosi lachisanu ndi chinayi, ndi awiri omaliza. Ndinawaona pamene ankawatulutsa, chuku sichinalowe mkati mwa ulusi. Wawaunjika kuseri kwa khitchini kuti akawotche Loweruka. Asawotche. Awatsuke ndi madzi ofunda othira viniga, ndi burashi yofewa, osati sopo wa ufa. Awayanike pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo awatembenuze m'mawa ndi madzulo. Yachisanu ndi chinayiyo ili ndi chigamba pakona ya kumanzere, ndinasoka ndekha chaka chimene anamwalira mayi athu, asachikoke.

Mumuimbire kalatayi ikangofika, Loweruka si kutali. Munene kuti mwawerenga m'buku. Akamva kuti zachokera m'buku, achita.

Ndine mlongo wanu,
uja wa kalasi yachinayi.