Funso la Anamwino

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tikukankha.

Zikomo pondikakamiza kulowa kafukufuku wa kuchipatala uja, amandisamala ngati dzira. Mwezi uliwonse amandiyendetsa m'khonde kwa mphindi sikisi, anamwino ali pambuyo ndi wotchi, kenaka amandipanikiza ndi mafunso ngati ndikufunsira ntchito.

Dzulo anamwinowo anandifunsa kuti, "Amayi, mtima ukalemera mumauza ndani?" Ndinatchula inu. "Munalankhulana liti?" Ndinangoyang'ana nsapato zanga. Muwathokoze iwowo chifukwa cha kalatayi.

Ulendo uno khondelo sindinalimalize, anachita kundibweretsera mpando. Musade nkhawa, mwina ndi nsapato zomwezi. Kungoti adokotala akuti pokamva zotsatira mwezi wamawa ndisapite ndekha, ndipite ndi wachibale.

Ndinatchulanso inu.

Ndine mng'ono wanu wosamva uja.