Kiyi Wachinayi

Chama Boma,
14 Okutobala 2024.

Okondedwa akulu anga a Bornwell,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lusaka uko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno dzuwa likuotcha koopsa, koma si dzuwa limene landiondetsa. Foni yanu ndaimba mpaka chala kutopa, simuyankha, ndiye ndati ndilembe kalata ndipatsire kondakitala wa basi. Pepala lokha simungalidule ngati foni.

Mukumbuka loko uja ndinaika pachipinda cha mankhwala, pakachipatala ka boma kutsidya kwa mtsinje? Makatoni awiri a mankhwala a malungo asowa m'menemo. Chitseko sichinathyoledwe. Apolisi anaitana ine, mmisiri wake, kuti ndikaone. Ndinamasula loko, ndinasuzumira m'kati, ndipo ndinanena zoona zokhazokha: watsegulidwa ndi kiyi wake weniweni.

Mawu anga omwewo ndi amene amangitsa a nesi, a Immaculate. Pafomu ya boma ndinasaina kuti makiyi alipo atatu basi. Awiri amakhala ku ofesi kuno ku Boma, mu envelopu yodinda chidindo, ndipo anaipeza yosatsegula. Wachitatu amayenda nawo a nesi m'khosi. Wapolisi anandifunsa kuti, "A Morris, palibe wina amene munadula?" Ine n'kuyankha kuti, "Palibe, bwana." Akulu anga, ndinanama, a nesi ali pompo akundiyang'ana ngati ndabwera kudzawapulumutsa.

Alipo wachinayi, inu mukudziwa. Ndinu munandiphunzitsa kuti aboma makiyi amataya, ndiye mmisiri wanzeru amadulako wake wosunga, kuti tsiku la mavuto asagumule chitseko chabwinobwino. Zaka khumi ndi ziwiri ndachita choncho osaba ngakhale cholembera. Onse amakhala m'chitini cha mkaka kuseri kwa tebulo langa, opanda dzina, aliyense ndi ulusi wa mtundu wake. Nditachoka kupolisi ndinathamanga, ndinakhuthula chitini pansi, ndinawerenga katatu. Wa ulusi wofiira, wa chipinda cha mankhwala chija, mulibe.

Mayo ine! Alamu anu, amake Beauty, chitinicho sachigwira n'komwe. Odziwa tanthauzo la ulusi tilipo awiri padziko lino, ndipo winayo ndi amene anandiphunzitsa.

Sindikukunenani kanthu, ndikungokumbuka. Mwezi watha mutabwera ndinakukwezani panjinga yamoto kukathira mafuta loko yemweyo, munayamikira ntchito yanga, ine n'kumasekerera ngati mwana. Lamlungu munati mutu ukuwawa, kutchalitchi simupita, koma titabwerako injini ya njinga inali yotentha. Lolemba munakwera basi ndi chikwama chimene simunabwere nacho. Ndine ndinakunyamulirani mpaka pasiteshoni. Munati ndi mpunga wa ku Chama wa alamu. Akulu, ndakulira mumpunga ine. Mpunga wanji wopepuka choncho?

Manje a Immaculate ali m'chitokosi sabata yachiwiri. Awa ndi amene anathandiza amake Beauty pobereka chaka chija mtsinje unadzaza, ambulansi itakanika kuwoloka. Amuna awo amadutsa pakhomo panga masana aliwonse ndi chakudya m'kambale. Dzulo anaima n'kunena kuti, "Musadandaule a Morris, inu munangonena za ntchito yanu." Bola akanandimenya mbama! Ndinalowa m'nyumba, ndinalira, munthu wamkulu ine. Kumudziko mvula ili pafupi, malungo ayamba posachedwa, ndipo chipatala chilibe nesi, chilibe mankhwala.

Mlandu ulowa m'khoti Lachitatu pa 23. Ndidzaimirira n'kunena kuti kiyi wachinayi alipo, ndinadula ndine. Ndikudziwa kuti tsiku lomwelo ntchito ya boma yathera pomwepo, maloko onse amene ndinaika adzawachotsa, mwina ndi ine ndidzalowa mmene atuluke a nesi. Zimenezo ndavomera. Chimene chandithera nzeru n'chakuti adzafunsa kuti kiyiyo ali kuti, ndipo ndidzakhala nditagwira Baibulo.

Ndagwira mwendo wanu, bwerani. Basi ya Lolemba ikufikitsani nthawi yabwino, tidzalowe awiri. Ngati si inu, imbani foni mundikalipire, munditukwane mmene mungafunire, ndidzavina ndi chimwemwe. Koma musangokhala chete, chifukwa sindidziwa chimene chidzatuluke pakamwa panga.

Amake Beauty akupereka moni, sadziwa kanthu. Beauty nsapato munamubweretsera zija savula, akuti atate aakulu abweranso liti. Amayi ku Chikwa ali bwino, miyendo yokha. Ndinawaona Loweruka, anandigwira dzanja n'kunena kuti adzagona bwino m'manda poti ana awo awiri amakondana. Akuti ndikupatseni moni wambiri, ndiye ndapereka.

Ine mng'ono wanu amene munamuphunzitsa kugwira tupa,

Morris.