Ndani Adzamuimbira Elube?

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno tadzuka, kungoti sindinganene kuti tadzuka bwino.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkati munthu wobwera ndi uthenga woipa ayambe wamwa kaye madzi. Mwana wathu Tadala anakhoza mayeso, ali ku sekondale tsopano, ndipo watalika kupitirira mayi ake. Mng'ono wake uja munamusiya ali m'mimba anabadwa wamkazi, tinamutcha dzina lanu. Ndege ikamatera kuno ku Chileka amathamangira panja n'kumaikalipira kuti ikusokosa. Kumunda kwanu ku Lirangwe chimanga chinapserera ndi ng'amba chitangomasula, koma nandolo wabereka. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mphepo, ndinakhomanso.

Ine ndikadali pa ntchito ya Baibulo ija. Anandipatsa njinga yamoto. Ndimanyamula mabuku ndi timawailesi toyendera dzuwa, towerengera anthu osadziwa kuwerenga, n'kumakasiya m'magulu a m'midzi. Ku Mdeka kuli amayi ogulitsa tomato amene amamvetsera malonda ali apo, kasitomala akafika amamuuza adikire chaputala chithe. Konseko amanditcha a Baibulo, ndipo amandifunsa za mavuto awo ngati mayankho ndimayenda nawo m'chikwama. Ndimawauza za chiyembekezo, akundigwedezera mitu. Ndikakwera njinga kubwerera, mtima wanga umakhala uli m'mwamba.

Amayi, mlongo wanga Elube akudwala, ndipo sachira.

Zinayamba ngati kupweteka kwa msana. Kuchipatala cha kuno anamutumiza ku Blantyre, kumeneko anakapeza khansa itafalikira kale. Ndinapita ndi mafunso ambiri, mukundidziwa, ndipo adokotala anandimvetsera moleza mtima. Yankho linali limodzi: mutengereni kunyumba, azikamwa mankhwala oletsa ululu. Munkandiseka kuti ndimadwala lero chimfine cha mawa. Ichi chokha sindinachione chikubwera.

Pali china chimene simukuchidziwa. Bambo a ana a Elube aja sanabwerenso kuchokera ku Joni, ngakhale kuimba foni analeka. Inu mutapita, Elube anakwatiwa ndi a Nyozani, okhoma zidebe pamsika wa Lirangwe. A Nyozani ali ndi mkazi wamkulu ku Mdeka. Choncho mpingo unamudula Elube chifukwa cha mitala. Mgonero analeka kudya, yunifolomu ya kwaya anaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi.

Tanthauzo lake mukulidziwa. Munthu wodulidwa akamwalira, mpingo subwera. Akhristu amabwera monga anansi chabe, koma palibe wovala yunifolomu, palibe woyambitsa nyimbo, palibe mkulu wa mpingo woima pamanda. Ndinakhalapo pa maliro otere m'mudzi wina kupitirira Mdeka. Kuchoka pakhomo mpaka kumanda tinkangomva mapazi ndi chifuwa cha nkhalamba ina. Pokwirira, makasu okhaokha. Pa maliro anu amayi a mumpingo anandanda mbali zonse za njira, ndipo amene ankayambitsa nyimbo anali Elube, mawu atasasa ndi kulira koma osaleka. Ameneyo ndiye akapite chete?

Ndinapita kwa a Matewere, mkulu wa mpingo uja ankabwera kudzakupemphererani mukudwala. Anandilandira bwino, si munthu wouma mtima. Anati lamulo ndikulidziwa kuposa iwo, poti ndinapita kukoleji ya zaumulungu: wodulidwa asiye kaye tchimo lake, alowe kalasi ya obwerera, kenaka bwalo la akulu limubwezere. Ndinawauza kuti Elube sangathe kufika ngakhale kuchimbudzi, nanga kalasi akalowa bwanji? Anaweramitsa mutu. Kenaka anandifunsa kuti akaimbira Elube, adzawayankha chiyani ana a mayi wina amene anaikidwa chete chaka chatha pa mlandu womwewo. Ndinangotsanzika.

Nditabwerera kunyumba ndinatsegula buku la malamulo a mpingo, pensulo ili m'manja, n'kuwerenga mzere ndi mzere mpaka ndinapeza mpata. Wodwala kwambiri angathe kubwezeredwa pamphasa pomwepo, popanda kalasi, bola ukwati wa mitalawo uthe pamaso pa ankhoswe ndipo mwamuna achoke pakhomo. Ndinakondwa, Amayi, ngati ndapeza mankhwala. Mpongozi wanu anandichenjeza kuti ndiyambe ndafunsa mwini wake wodwalayo, koma ine ndinali nditaliza kale njinga.

Nditafika ku Lirangwe ndinapeza a Nyozani kuseri kwa nyumba akuchapa zitenje za Elube, bambo wa imvi, osachita manyazi ndi anthu odutsa. M'nyumba munali mkazi wawo wamkulu, atabwera ndi phala la mpunga kuchokera ku Mdeka, akumusisita Elube mapazi. Mayiwo ndi mkhristu wodya mgonero, ndipo tsiku lawo likadzafika mpingo wonse udzawaimbira.

Ndinawaitanira alamu anga a Nyozani pakhonde n'kuwafotokozera zonse mwadongosolo, monga ndinakonzera. Anandimvetsera, sopo akuuma m'manja. Kenaka anati ngati zimenezo n'zimene zingachititse kuti mkazi wawo aimbiridwe, amanga zipangizo zawo tsiku lomwelo. Anangofunsa kuti azimutembenuza ndani, chifukwa wina akamunyamula amalira, pomwe iwo anaphunzira poika manja.

Zenera linali lotsegula. Elube anandiitana, ndipo ndinalowa n'kugwada pambali pa mphasa kuti ndimve, poti mawu ake achepa.

"Achimwene, mukufuna kundichotsera munthu wonditembenuza kuti mudzandiimbire nditaleka kumva?"

Ndinayamba kumufotokozera za lamulo, koma anandigwira dzanja.

"Ngati m'chikwamamo muli mawu a Mulungu, ndiwerengereni lero."

Ndinatsegula Masalimo. Ndinkawerenga mothamanga mpaka anandinyogodola kuti kodi ndabwereka Baibulo la eni ake. Ndinachepetsa liwiro. Mkazi mnzake anayamba kung'ung'udza nyimbo chapansipansi, maso ali kukhomo kuopa kuti wina angamve. Elube anagona tulo ndisanamalize, nkhope ili phee. Za ankhoswe sindinazitchulenso.

Musandimve molakwa, Amayi. Sindikunena kuti mitala ndi yabwino. Ine ndemwe ndimaphunzitsa za ukwati m'magulu muja, ndipo zimene ndimaphunzitsa ndimazikhulupirira. A Matewere sakunama. Komanso zimene ndinaona pakhomo paja si zonama. Ndayesa kuziika pamodzi monga tinkachitira kukoleji, vesi ili pambali pa vesi ilo, koma sizikulumikizana. Pemphero langa, lija munkadandaula kuti limaziziritsa ndiwo, lafupika. Latsala mawu awiri: Ambuye, chonde.

Loweruka abusa akubwera ndipo bwalo la akulu likhala. A Matewere andipemphera mpata woti ndikalankhule. Ndakhala ndikuyeserera mawu anga panjinga, ndikafika pakati ndimayambiranso. Abwana anga kuofesi amva kale nkhaniyi, ndipo anandikumbutsa mwaulemu kuti ife timagwira ntchito ndi mipingo yonse, wantchito akakangana ndi mpingo umodzi makomo amatsekeka m'midzi yambiri. Ndinawayankha kuti ndamva. Sindinawauze kuti sindipita.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti Elube waleka kudya. Akungolandira madzi a pasupuni. Alamu anandiimbira m'mawa uno kuti mapazi ayamba kuzizira, ndipo lero n'Lachitatu chabe. Loweruka lili kutali, Amayi.

Ndikulonjeza ichi. Ndikaima pamaso pa akuluwo, ndipo sindikapita ndi mpata wa m'malamulo, ndikangowauza zimene ndinaona. Akakana, kapena Elube akapanda kudikira, ndidzayenda patsogolo pa bokosi ndi kuyambitsa nyimbo ndekha, ndi mawu anga osokonekera omwe aphunzitsi a kwaya anandibweza nawo ndili mwana. Wofuna kupolokoza adzapolokoza. Za ntchito ndidzaziona pambuyo pake.

Kwa inu ndikupempha chimodzi. Akafika kumeneko mumuzindikire, waonda kwambiri. Musayambe ndi mafunso. Pomukumbatira musamale msana, mbali ya kumanzere.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuel